Besi yomveka m'galimoto popanda subwoofer: kuyerekeza njira zosalemetsa galimoto

Bokosi la subwoofer (sipika yaikulu yotulutsa mawu otsika okhaokha, omwe timati besi) ya mainchesi 12, mukaphatikizapo ampulifaya (chida chowonjezera mphamvu yopita ku masipika) ndi mawaya ake, limafika mosavuta pa makilogalamu 15 mpaka 25, ndipo limadya malo a katundu m'buti. Amene ali ndi galimoto yaing'ono, kapena amene anachotsamo kale zolemera zonse kuti ipepuke, safuna katundu ameneyu. Koma besi amaifuna. Njira zilipo zisanu ndi imodzi zomwe n'zoyenera kuziganizira, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kwambiri.

Zoyenera kuyeza musanagule kanthu

Besi ndi mpweya wokankhidwa. Kuchuluka kwake kumadalira kukula kwa pepala la sipika (gawo lake lomwe limanjenjemera potulutsa mawu) ndi mtunda womwe pepalalo lingayende kutsogolo ndi kumbuyo popanda kusokoneza mawu, womwe opanga amaulemba kuti Xmax. Sipika ya m'chitseko ya mainchesi 6.5 ili ndi pepala la 135 cm² kapena kuyandikira pamenepo. Ikamayenda mamilimita 4, imakankha mpweya wa 54 cm³, ndiye ziwiri zimapereka 108 cm³. Subwoofer wamba ya mainchesi 10, ya pepala la 330 cm² loyenda mamilimita 10, imakankha 330 cm³ payokha. Kusiyana kumeneku palibe batani la pa wailesi lomwe lingakufafanize.

Chinanso n'chakuti mukatsitsa ndi theka nambala ya Hz (kuchuluka kwa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi imodzi; ikachepa, mawu amakhala otsika), mwachitsanzo kuchoka pa 80 Hz kufika pa 40 Hz, pepala liyenera kuyenda mtunda wowirikiza kanayi kuti mawuwo amveke mokweza mofanana. N'chifukwa chake mawu a 30 mpaka 40 Hz, aja amagwedeza galasi loonera kumbuyo, ndi a subwoofer basi. Zomwe mungazipeze bwino popanda iyo ndi zapakati pa 50 ndi 120 Hz, ndipo pamenepa ndi pomwe pali kugunda kwa ng'oma yaikulu komanso mbali yaikulu ya gitala wa besi. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala wa besi wa nsambo zinayi imalira pa 41 Hz, koma khutu limaizindikirabe kudzera m'mawu ake a pamwamba a 82 ndi 123 Hz, ngakhale sipika italephera kutulutsa 41 Hz mokwanira.

Galimoto nayo imathandiza. Mazenera akatsekedwa, m'kati mwake mumakweza mawu otsika kuyambira cha pa 70 mpaka 90 Hz kupita pansi, ndipo galimoto ikakhala yaing'ono kukwezako kumayambira pa Hz yokwererapo. Mukatsegula mazenera, phindu limeneli limachepa kwambiri.

Choncho njira iliyonse muiyeze ndi mafunso awa: ikuwonjezera mpweya wokankhidwa, kapena ikungoletsa kuti womwe ulipo usatayike? Ikuwonjezera makilogalamu angati? Ikoka magetsi ochuluka bwanji? Nanga mungaibweze pogulitsa galimoto?

Kutseka ndi kulimbitsa zitseko

Iyi ndiyo njira yomwe anthu ambiri amailumpha, pomwe ndiyo imabweza zambiri pa ndalama iliyonse. Pepala la sipika likapita kutsogolo, limapanikiza mpweya kutsogolo n'kusiya danga kumbuyo. Ngati pali njira yoti mpweya wa mbali ziwirizi ukumane, mawu otsika amafafanizana. Chitsulo cha m'kati mwa chitseko chili ndi mabowo aakulu ogwirira ntchito pokonza zenera ndi loko, ndipo m'magalimoto ambiri mabowowa amangophimbidwa ndi pulasitiki wopyapyala wotchinga chinyezi. Kuika sipika yodula pa chitseko choterechi kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Ntchito yake imayenda motere. Chotsani chikuto cha m'kati mwa chitseko ndi pulasitiki uja, mupukute chitsulo ndi sipiriti mpaka mafuta ndi fumbi zithe. Pa chitsulo cha kunja, makamaka kuseri kwenikweni kwa sipika, matanipo zidutswa za butyl (labala womata woletsa chitsulo kunjenjemera) wokhala ndi aluminiyamu pamwamba, wokhuthala mamilimita 2. Musamate paliponse ayi. Kuphimba gawo limodzi mwa magawo anayi mpaka theka la chitsulocho n'kokwanira kuletsa kulira kwake. Gogodani ndi chala: pomwe pakumveka ngati chitini matanipo, pomwe pakumveka kuti bii pasiyeni. Kanikizani ndi chogudubuza mpaka pasakhale mpweya pansi pake. Kenako tsekani mabowo a chitsulo cha m'kati. Ang'onoang'ono butyl yekha amakwana, koma aakulu amafuna kaye chidutswa cha aluminiyamu kapena pulasitiki wolimba, chifukwa butyl wosachirikizidwa amapuma limodzi ndi sipika n'kumadya besi yomwe mukufunayo. Sipika ikhale pa mphete yolimba yomangidwa ku chitsulo ndi mabawuti, pakati pake pali tepi ya siponji yotchinga mpweya. Pomaliza zungulizani siponji yosamwa madzi kutsogolo kwa sipika, kuti mawu alowe m'galimoto osasochera kuseri kwa chikuto.

Mtengo: wotsika kuposa wa njira zina zonse zofuna kugula zipangizo, koma nthawi ndi yambiri. Chitseko chimodzi chimatenga maola awiri kapena atatu kwa munthu wosazolowera. Butyl wa mamilimita 2 amalemera makilogalamu 3 kapena kupitirira pang'ono pa sikweya mita, ndiye zitseko ziwiri za kutsogolo zimawonjezera makilogalamu 2 mpaka 3 mukamata mosamala.

Kupezeka kwake: butyl amapezeka kwa ogulitsa zida za nyimbo za m'galimoto. Chovuta ndi kusiyanitsa butyl weniweni ndi zomatira za phula zomwe zimaoneka chimodzimodzi.

Kasamalidwe: palibe, kupatula kuti tsiku lomwe makina okweza zenera adzafune kukonzedwa, mudzayenera kudula zomwe munatsekazo. N'chifukwa chake bowo lalikulu ndi bwino kulitseka ndi chidutswa chomanga ndi masikuluwu.

Zoti muchenjere nazo: zomatira za phula zimafewa galimoto ikakhala padzuwa, zimanunkha ndipo zimagwa. Timabowo totulutsa madzi pansi pa chitseko musatitseke, apo ayi chitseko chidzachita dzimbiri kuchokera m'kati. Mphete ya thabwa la MDF imafufuma ikanyowa, ndipo m'chitseko mumalowa madzi nthawi zonse, ndiye gwiritsani pulasitiki kapena pulayiwudi wopaka penti. Magalimoto ena ali ndi sensa ya airbag ya m'mbali yomwe imayeza kupanikizika kwa mpweya m'chitseko. Ngati yanu ili nayo, werengani buku lokonzera galimotoyo musanasinthe kalikonse pa katsekedwe ka chitseko.

Kusintha masipika a m'zitseko

Pa bokosi la sipika, nambala yaikulu ya ma watt ndiyo yosathandiza kwenikweni. Yang'anani zinayi izi. Fs, yomwe ndi nambala ya Hz pomwe pepala limanjenjemera mosavuta mwachibadwa, ikhale pakati pa 50 ndi 70 Hz, chifukwa pansi pa nambala imeneyi mawu amatsika msanga. Xmax ikhale mamilimita 4 kapena kuposa, mbali imodzi. Qts, nambala yosonyeza mmene pepala limapitirizira kunjenjemera pa Fs, ikhale pakati pa 0.5 ndi 0.8, popeza chitseko ndi chachikulu komanso chimataya mpweya, ndipo sipika ya Qts yotsika kwambiri imamveka yowonda mmenemo. Chachinayi ndi mphamvu ya mawu pa watt imodzi. Pamenepa pali msampha: ena amayeza pa watt imodzi, ena pa 2.83 V. Pa sipika ya ma ohm 4, 2.83 V ndi ma watt awiri, ndiye nambala imakwera ndi 3 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) popanda sipikayo kuposa inzake.

Kukula kumaposa mtundu. Kuchoka pa mainchesi 5.25 kupita pa 6.5 kumawonjezera pepala ndi pafupifupi theka, ndipo ya mainchesi 8 ili ndi pepala loposa 200 cm². Ngati chitseko chingalandire yaikulu popanda kudula chitsulo, sankhani yaikuluyo.

Mtengo: wapakati, ndipo umakwera msanga mukafuna maginito a neodymium. Sipika ya mainchesi 6.5 ya maginito wamba a ferrite imalemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka, pomwe ya neodymium ikhoza kulemera theka lake. Pa masipika awiri ndiye mwapulumutsa kilogalamu imodzi yokha. Kwa anthu ambiri ndalama imeneyo ingagwire ntchito yabwino kwina.

Kupezeka kwake: za mainchesi 6.5 zili ponseponse. Zomwe opanga amalemba Fs, Qts ndi Xmax ndi zochepa, ndipo wopanga amene sakulemba nambalazi nthawi zambiri alibe chonyadira.

Kasamalidwe: onani kamodzi pa chaka ngati masikuluwu sanamasuke komanso ngati mkombero wa pepala sunang'ambike. Mkombero wa labala umapirira chinyezi kuposa wa siponji.

Zoti muchenjere nazo: yezani kuya kwa malo zenera litatsitsidwa mpaka pansi, chifukwa galasi limadutsa kuseri kwa maginito. Chachiwiri, masipika ambiri ogula amafuna mphamvu yoposa yomwe a kufakitale ankafuna, ndipo mukawalumikiza ku wailesi yokha, besi ikhoza kuchepa kusiyana ndi kale. Ambiri amadabwa nazo zimenezi. Chachitatu ndi kusemphanitsa mawaya. Sipika imodzi ikamakankha pomwe inzake ikukoka, besi imasowa. Kuti mudziwe, sunthani mawu onse apite mbali imodzi: besi ikachuluka kuposa pamene masipika onse akulira, waya wina wasemphana. Mungayesenso ndi batire la 1.5 V pa mawaya a sipika yaikulu, kungokhudza pang'ono. Mbali ya + ikakumana ndi + pepala lituluke kunja. Pa tweeter, kasipika kakang'ono ka mawu okwera, musayese zimenezi.

Ampulifaya yaing'ono ya Class D

Wailesi yolembedwa 4 x 50 W imapereka ma watt enieni osapitirira 15 mpaka 22 pa sipika iliyonse mawu asanayambe kusweka. Besi ndiyo imadya mphamvu zambiri mu nyimbo, ndiye ndiyo imayamba kuphwanyika mukakweza. Ampulifaya ya ma watt 60 mpaka 75 RMS (mphamvu yeniyeni yoperekedwa mosalekeza) pa sipika imawonjezera 5 kapena 6 dB. Pa pepala zikuoneka zochepa, popeza kuwirikiza mphamvu kawiri kumangopereka 3 dB, koma kugunda kwa ng'oma kumatuluka kwathunthu, ndipo khutu limamva zimenezo ngati besi yambiri.

Ampulifaya ya mtundu wa Class D imasandutsa 80 mpaka 90 peresenti ya magetsi kukhala mphamvu yopita ku masipika, pomwe Class AB imataya gawo lalikulu ngati kutentha. Ndiye ya Class D sifuna chitsulo chachikulu chozizirira, ndipo zing'onozing'ono zimalemera pakati pa theka la kilogalamu ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Zimakwana pansi pa mpando kapena kuseri kwa dashibodi.

Batani la gain si lokwezera mawu. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa ampulifaya ndi mphamvu yotuluka mu wailesi. Chotsani mawaya a masipika, zimitsani zonse zokometsera mawu, kwezani wailesi kufika pa magawo atatu mwa anayi, muyike kulira koyesera kwa 1 kHz (1,000 Hz), ndipo muyeze magetsi a AC potulukira. Nambala yofunika mumaipeza pochulukitsa ma watt ndi ma ohm n'kutenga square root yake: ma watt 60 pa ma ohm 4 ndi 240, ndiye mukufuna 15.5 V. Pa ma watt 50 ndi 14.1 V.

Mtengo: wapakati mpaka wokwera, ndipo muwerengere mawaya, fyuzi ndi ntchito.

Kupezeka kwake: zilipo zambiri, koma zolembedwa ma watt abodza zilinso zambiri. Onani fyuzi yake. Ampulifaya ya fyuzi ya 20 A pa 14 V singakoke kuposa ma watt 280, kaya pa bokosi alembapo 2,000.

Kasamalidwe: isakwiririke ndi kapeti kapena zinyalala, ndipo polumikizira waya wa ku chitsulo cha galimoto pasachite dzimbiri.

Zoti muchenjere nazo: fyuzi ikhale pa waya wa + pasanathe masentimita 45 kuchoka pa batire. Fyuzi imeneyi imateteza waya, ndipo popanda iyo waya wokhuzuka pa chitsulo akhoza kuyatsa galimoto. Pa ampulifaya yokoka 20 mpaka 30 A, waya wa kopa weniweni wa 8 AWG (muyezo wa kunenepa kwa waya) ndi wokwanira. Waya wa aluminiyamu wokutidwa ndi kopa amadutsitsa magetsi ochepa pa kukula komweko, ndipo amadyeka polumikizira. Waya wopita ku chitsulo akhale wamfupi, pamalo opala penti. Mukamva kulira kokwera ndi kutsika motsatira injini, yambani kufufuza pamenepo.

Fyuluta, EQ ndi DSP

Zikumveka ngati zosemphana, koma kuti masipika a m'zitseko apereke besi yambiri, muyenera kuwachotsera mawu otsikitsitsa. Mawu a 30 Hz amayendetsa pepala mpaka kumapeto popanda kumveka, ndipo nthawi yomweyo amasokoneza a 70 Hz omwe sipika ikanatulutsa bwino. Ikani fyuluta ya HPF, yomwe imachepetsa mawu a pansi pa nambala yomwe mwasankha, pa 60 Hz ndi kutsetsereka kwa 24 dB (mmene mawu amachepera Hz ikatsika ndi theka), kapena pa 70 mpaka 80 Hz ngati ili ya 12 dB. Kenako tsitsani nambala ya Hz ya fyulutayo pang'onopang'ono mukumvetsera nyimbo ya besi yolemera pa mlingo womwe mumamvera masiku onse. Mukamva kugogoda kapena besi ikuchita phwii, bwererani m'mwamba ndi 5 kapena 10 Hz.

Pa EQ, yomwe imakweza kapena kutsitsa magawo a mawu payekhapayekha, kuchotsa n'kwabwino kuposa kuwonjezera. Kukweza ndi 6 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kanayi pa mawu amenewo. M'magalimoto ambiri muli kudzikundikira kwa mawu penapake pakati pa 125 ndi 250 Hz komwe kumachititsa besi kumveka ngati ili m'mgolo. Mukatsitsa pamenepo ndi 3 kapena 4 dB, kugunda kwa pansi kumaonekera. Ngati mukufunabe kuwonjezera, 2 kapena 3 dB cha pa 63 mpaka 80 Hz ndi malire abwino.

DSP, kakompyuta kokonza mawu asanafike ku masipika, imawonjezera zina ziwiri. Choyamba ndi kuchedwetsa sipika yapafupi kuti mawu a mbali zonse afike pa khutu nthawi imodzi. Mawu amayenda masentimita 34.3 pa milisekondi imodzi, ndiye ngati sipika yakutali ili patali ndi masentimita 40 kuposa yapafupi, chedwetsani yapafupiyo ndi mamilisekondi 1.2. Chachiwiri, mawailesi ena a kufakitale amachepetsa okha besi mukamakweza mawu pofuna kuteteza masipika awo ofooka, ndipo DSP ina imatha kubwezeretsa zomwe zachotsedwazo.

Mtengo: ngati wailesi kapena ampulifaya yanu ili kale ndi HPF ndi EQ, simulipira kanthu. DSP yapayokha ndi yodula, ndipo yomangidwa m'kati mwa ampulifaya imapulumutsa malo ndi mawaya. Kulemera sikufika kilogalamu imodzi.

Kupezeka kwake: zida zilipo, osowa ndi anthu odziwa kutchuna. Pulogalamu ya REW ndi yaulere, ndipo pamodzi ndi maikolofoni oyezera monga UMIK-1 imakuonetsani zomwe zikuchitika pa mpando wa woyendetsa.

Kasamalidwe: sungani makonzedwe anu pa kompyuta. Mawailesi ena amaiwala zonse batire likachotsedwa.

Zoti muchenjere nazo: pomwe besi yasowa chifukwa mawu akufafanizana, kukweza EQ sikubweza kanthu, kumangotenthetsa koyilo ya m'kati mwa sipika. Batani la bass boost la pa ampulifaya, lomwe kawirikawiri limakweza cha pa 45 Hz, linapangidwira subwoofer, ndipo likhoza kupha masipika a m'zitseko.

Masipika a 6x9 kumbuyo

M'galimoto ya buti yotsekeka payokha, shelefu ya chitsulo ya kuseri kwa mipando imapatsa sipika buti yonse ngati bokosi. Ma 6x9 awiri, lililonse la pepala la 200 cm² kapena kuposerapo pang'ono, amakankha mpweya woposa wa masipika a m'zitseko, ndipo amatsika mpaka cha pa 45 kapena 50 Hz. Kuti woimba asamveke ngati ali kumbuyo kwanu, aduleni ndi fyuluta ya LPF, yomwe imachepetsa mawu okwera, pa 80 mpaka 100 Hz kuti azingopereka besi.

Mtengo: wapakati, ngati mabowo a 6x9 alipo kale. Kulemera ndi makilogalamu 3 mpaka 5 onse awiri, kuphatikizapo butyl woletsa shelefu kunjenjemera.

Kupezeka kwake: n'zosavuta kupeza.

Kasamalidwe: dzuwa lolowa pa galasi la kumbuyo limaumitsa pepala ndi mkombero, ndiye zophimba zake zisachoke.

Zoti muchenjere nazo: mabowo ena onse a pa shelefu atsekedwe, koma osati otulutsira mpweya wa m'galimoto. M'galimoto ya chitseko cha kumbuyo chotseguka ndi galasi lomwe, shelefu imakhala yofewa komanso yongokoleka. Besi yake ndi yochepa, ndipo pa ngozi masipika olemerawo amauluka kupita kwa okwera. Musadule chitsulo cha shelefu, chifukwa chimalimbitsa galimoto.

Kachipangizo kogwedeza mpando

Ichi sichitulutsa mawu. Chimamangidwa ku mpando n'kumaugwedeza motsatira mawu a pansi pa 60 kapena 80 Hz, ndipo thupi likamva kugwedezako, ubongo umadzazamo zotsalazo.

Mtengo: wotsika mpaka wapakati, koma chimafuna njira yakeyake yotulukira mawu (channel) pa ampulifaya, ma watt 20 mpaka 50. Chimodzi chimalemera cha pa kilogalamu imodzi.

Kupezeka kwake: n'chosowerapo, kawirikawiri mumachita kuitanitsa.

Kasamalidwe: mabawuti amamasuka ndi kugwedezako.

Zoti muchenjere nazo: mukachikweza kwambiri chimatopetsa ndipo chimamveka chosiyana ndi nyimbo. Mpando wokhala ndi airbag kapena sensa yozindikira wokhalapo musaubowole. Amene wakhala pa mpando wina samva chilichonse.

Njira iti kwa ndani

Ngati ndalama zili zochepa ndipo wailesi ndi masipika ndi za kufakitale, yambani mwayesa mawaya ngati sanasemphane, mutseke zitseko za kutsogolo, ndipo muike HPF ngati ilipo. Musagule masipika atsopano musanamve zotsatira za zimenezi.

Ngati kilogalamu iliyonse mukuiwerenga, monga pa galimoto yampikisano yomwe imayendanso pamsewu, matani butyl pa gawo limodzi mwa anayi la chitsulo, mutseke mabowo ndi aluminiyamu wopyapyala, muike masipika a neodymium a mainchesi 6.5 ndi ampulifaya yaing'ono ya njira ziwiri. Mukachotsa masipika a kumbuyo, zonse zowonjezera zikhoza kukhala pansi pa makilogalamu 4. Dziwani kuti galimoto yochotsedwa makapeti imachita phokoso lalikulu la msewu, ndipo phokoso limenelo limaphimba besi mukathamanga.

Ngati mumakonda nyimbo za ng'oma ndi magitala ndipo mukufuna mawu oyera kutsogolo, phatikizani zitseko zotsekedwa, masipika a Xmax yaikulu, ndi ampulifaya ya njira zinayi yokhala ndi DSP, njira ziwiri za masipika aakulu ndi ziwiri za ma tweeter. Imeneyi ndiyo yodula kwambiri pa zonsezi, ndipo ndiyo imayandikira kwambiri galimoto ya subwoofer yaing'ono.

Ngati galimoto ili ndi buti yotsekeka komanso mabowo a 6x9, gwiritsani njira ziwiri za kumbuyo za ampulifaya pa ma 6x9 odulidwa pa 90 Hz, ndipo masipika a kutsogolo muwadule pa 80 Hz kuti apume.

Ngati galimoto ndi yobwereka kapena mudzaigulitsa posachedwa, khalani pa zomwe zimachoka: mphete za siponji, masipika a kukula komweko pa mawaya olumikiza osadula, ndi ampulifaya yolowa pa pulagi ya wailesi. Butyl akamatidwa sachoka mosavuta.

Galimoto yopanda denga imataya pafupifupi kukweza konse kwa m'kati, ndiye kumeneko kachipangizo kogwedeza mpando kamathandiza kuposa kuwonjezera ma watt. Ndipo ngati nyimbo zanu zambiri ndi zamakono zomwe besi yake imakhala nthawi yaitali pa 30 mpaka 40 Hz, palibe mwa njirazi yomwe ingakupatseni mawu amenewo mokweza. Chopepuka chomwe chingayandikireko ndi subwoofer yopyapyala ya mainchesi 8 ya pansi pa mpando yokhala ndi ampulifaya m'kati, yolemera cha pa makilogalamu 5, ngakhale nayonso imayamba kufooka pansi pa 40 Hz.